Mpendadzuwa Wafulatira Msewu

Lolemba

Kope ili linali la malemu amake Enelesi, ankalembamo nyimbo za kuchigwirizano. Masamba atsala ambiri. Tsopano ndilembamo ine. Sikuti ndimaiwala ayi. Ndikulemba kuti akadzanena kuti ndimaiwala, ndidzatulutse kope.

Sukulu sindinapondeko. Zilembo ndinaziphunzira m'buku la nyimbo, manambala pa nyali za kumgodi. Zaka makumi atatu ndikulowa pansi, sindinatengepo nyali ya mnzanga ndi tsiku limodzi lomwe. Ndiye munthu wake ameneyu akuti mutu wayamba kuthawa.

Nkhani ili apa. Enelesi, mwana wanga, namwino ku Lusaka, akubwera Loweruka. Kalata yake ili pansi pa wailesi. Akuti akapeza zili monga anamulembera Bana Mwape, anditenga ndikakhale kwa iye. Bana Mwape ndi mayi wa kuseri kwa mpanda wanga, mbali ya kum'mawa. Mtima ali nawo wabwino, koma pakamwa palibe chitseko. Anamulembera ziwiri:

1. Kuti ndinasiya nyemba pambaula mpaka poto kubooka. Zoona. Potoyo anali wakale.
2. Kuti tsiku lina m'mamawa ndinavala jombo n'kukaima pageti la mgodi, kumene ndinapuma ntchito zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Ndinkawongola miyendo. Kodi miyendo ili ndi malo ake oiwongolera?

Kwa Enelesi ndinafikako kamodzi. Nyumba ili pamwamba pa nyumba, pamwamba pa inanso. Dothi kulibe, khasu alibe. Ukataya madzi pawindo umasambitsa munthu wa eni. Kumeneko ine mwezi sindingathe.

Ndiye ndinamuyankha kuti abwere adzaone yekha. Mboni yanga ndi mpendadzuwa.

Mbewu anagawa wapampando wa seksheni yathu ya chipani Khirisimasi itangopita, poti wailesi ikuti tidzale, mafuta ophikira m'masitolo mulibe. Ena anakazinga n'kudya. Ine ndinadzala pambali pa nyumba, mzere umodzi, kuyambira kumsewu mpaka kumpanda wa Bana Mwape. Mapesi makumi awiri ndi atatu. Kwathu ku Katete, kum'mawa uko, mbewu imeneyi sitinkalima, n'koyamba. Koma khalidwe lake ndinaliona ndi maso anga mwezi wonse wathawu: m'mawa mitu kum'mawa, masana kumwamba, madzulo kumsewu, kumene dzuwa limalowera. Kukacha yabwerera yokha. Tsiku ndi tsiku, osaphonya, kuposa anthu ena amene ndinagwira nawo ntchito.

Basi ya ku Lusaka imafika madzulo. Ndiye m'kalata ndinalemba kuti: «Ukadzakhota pamsewu wathu udzapeza maluwa makumi awiri ndi atatu akukuyang'ana, kukulonjera. Munthu wosokonezeka mutu salima munda waulemu chotero.» Ndinalemba ndi dzanja langali. Kalata inapita.

Lero madzulo ndaima pamsewu, monga angaimire mlendo. Maluwa atseguka onse, achikasu, aakulu ngati mbale. Dzuwa lili uku, iwo ali uko. Msewu aufulatira. Wodutsa akungoona nkhongo zobiriwira, makumi awiri ndi zitatu.

Ndadikira mpaka dzuwa kufiira. Palibe ndi limodzi lomwe lacheuka.

Onse akuyang'ana kwa Bana Mwape.

Lachiwiri

M'mawa. Mwina dzulo anangotopa. Ndawathirira, ngakhale mvula inagwa dzana. Ndawonjezera zitosi za nkhuku.

Masana. Ndakhala pampando kuwayang'anira. Ndazika kamtengo pomwe pathera mthunzi wa duwa lalikulu, kuti maso asandinamize. Mthunzi wayenda. Duwa lili pompo.

Zimene zingakhale zachitika:

– Matenda. Koma masamba ali bwino, nsabwe palibe.
– Mbewu yaulere. Zaulere zimayamba bwino.
– Bana Mwape. Sindikunena kanthu, ndine wa mpingo. Ndangolemba dzina.

Kwabwera aTembo, mnzanga wa kumgodi, mkulu wa mpingo kwathu. Ayang'ana maluwa, ayang'ana ine. Akuti: «Awa akuyang'ana kwanu. Akufuna kubwerera ku Katete, atsateni.» Aseka okha mpaka kutsokomola. Za kalata ya Enelesi sindinawauze. Nkhani ikalowa mwa aTembo imatulukira pakhomo la tchalitchi.

Maganizo anga ndi awa. Mbewu imamvera dzanja. Phwetekere ndimam'mangirira, amamva. Nthochi ndimaichirikiza, imamva. Mpendadzuwa ndi ndani?

Ndasema zikhomo, ndakhoma m'mbali mwa msewu. Zomangira zimene ndapeza m'nyumba: chingwe choyanikira zovala, waya pang'ono, lamba wa ovolosi, matayi anga awiri a kutchalitchi. Ndikumanga pakhosi, ndikukoka pang'onopang'ono, ndikukulunga pachikhomo. Khosi lake lauma. Mwezi watha linali lofewa ngati la khanda, lero lili ngati mpini.

Asanu ndi anayi ndawatembenuza. Lachikhumi langoti thyo, mutu m'manja mwanga. Ndaubisa pansi pa masamba a dzungu. Atsala makumi awiri ndi awiri. Enelesi sangawerenge. Kapena angawerenge, ndi mwana wanga uja.

Bana Mwape, mutu pamwamba pa mpanda: «Ba shikulu, nanga maluwa yalakwa chani?» Ndi mmene amandiitanira, agogo m'Chibemba chawo.

Ndati ndikuwachirikiza ku mphepo. Mphepo kunalibe. Ngakhale tsamba limodzi silinagwedezeke kuti lindithandize.

Lachitatu

M'mawa. Mwa omangidwa aja atatu afota, mitu ili lende, basi apita. Asanu ndi limodzi enawo apotokera m'chingwe momwemo. Sakuyang'ana msewu, sakuyang'ana mpanda, ali cham'mbali ngati munthu womvetsera nkhani za m'nyumba ya eni. Atsala khumi ndi asanu ndi anayi.

Ndaona chinthu china. Pa maluwa osamangidwa, oyang'ana kum'mawa, njuchi zadzaza dzuwa litangotuluka. Pa omangidwa pali imodzi, nayonso ikuoneka ngati yasochera. Ndagwira ndi chikhatho: oyang'ana kum'mawa ndi ofunda pankhope, enawa ndi ozizira, mame akadalipo. Ndalemba chifukwa ndaona. Koma njuchi si mwana wanga, sizikutsika basi Loweruka.

Ndaganiza bwino. Chimene akonda ndi dzuwa la m'mawa. Ng'ombe ikazolowera munda wa eni suikoka mchira, umatseka njira. Akasowa la m'mawa adzafuna la madzulo.

Ndazika mitengo inayi motsatira mpanda, yaitali kuposa ine. Ndamanga waya. Ndapachika masaka atatu, bulangete, ndi zitenje zinayi za amake Enelesi za m'sutikesi. Zitenjezo ndinaima nazo kaye. Ndati mayi, n'za masiku atatu chabe.

Bana Mwape kuseri kwa bulangete, mawu okha: «Ngati ni ine simufuna kuona, mukambe chabe, ba shikulu. Osavutisa vitenge.»

Wapampando wa seksheni wadutsa panjinga, wabwerera, watsika. «Kodi pali maliro pano, kapena msonkhano umene sitinauzidwe?» Ndati ndi mbewu yanu yomwe ija. Waiyang'ana nthawi yaitali, tayi pakhosi pa duwa, lamba pa linzake. Akuti ena onse m'komboni ya Nakoli muno angoisiya ikule. Ndati ena onse anakazinga.

Masana. Patebulo ndapeza makapu awiri a tiyi, onse odzaza, onse ozizira. Mlendo sanabwere. Ndiye kuti ndapanga kawiri, osamwa ngakhale kamodzi. Ntchito yachuluka, n'chifukwa chake. Ndamwa onse awiri kuti pasakhale umboni.

Madzulo. Mvula. Yamphamvu, ya mphepo, mphepo imene ndinkaifuna dzulo. Masaka amwa madzi, bulangete lalemera ngati ng'ombe yakufa. Ndikuona pawindo mtengo woyamba ukupendama, wachiwiri ukuutsata. Zonse zagwera pa mapesi anayi a kumpanda. Awiri athyoka. Awiri agona pansi, mizu ikadagwira.

Khumi ndi asanu ndi awiri, kuphatikiza ogonawo. Zitenje zili m'matope.

Lachinayi

Msana. Kudzuka ndachita kugwira khoma.

Ndadzutsanso mitengo, ndapachikanso masaka ndi zitenje, matope ali momwemo. Bulangete ndalisiya, silinyamulika. Dzuwa latuluka pamwamba pa zonsezo ngati palibe chimene ndachita. Maluwa ali ndwii, kuyang'ana saka.

Tsono ogona aja. Dzulo anagona chathyathyathya, nkhope m'dothi. Lero masana ndapeza makosi akhota, mitu yadzuka pansi, ngati wodwala amene wamva kuti kwabwera alendo. Palibe wawagwira. Ndiye kuti kukhota amatha! Akafuna kuchoka m'matope khosi limafewa. Ndikawapempha ine, lauma.

Zandipweteka kuposa msana.

Dzungu lokha ndilo lili ndi chidwi ndi ntchito yanga. Timanja take tagwira chingwe changa chimodzi, m'mawa tinali tisanafike, pofika masana tazungulira katatu. Silinatumidwe.

aTembo adutsanso, akuti akupita kukaona wodwala ku Makululu, koma njira ya ku Makululu si ino. «Kuwongola mtengo n'kuli waung'ono, achimwene.» Ndati uli waung'ono unkawongoka wokha, nanga ndikanawongola chiyani? Ayang'ana zikhomo zanga. Kenaka akuti, «Enelesi akubwera, eti?» Ndiye kuti tchalitchi chonse chikudziwa.

Nzeru yabwera ndikudya. Khosi likakana, tembenuza munthu yense. Kumgodi ngolo ikalowa chammbuyo sitinkakangana nayo, tinkaikweza pachitsulo chozungulira.

Ndatenga khasu. Ndakumba mozungulira phesi, patali ndithu, ndanyamula ndi dothi lake lomwe, ndazunguliza, ndakwirira, ndapondaponda, ndathirira. Asanu. Mizu yake ndi yakuya kuposa mmene ndimaganizira, ina imalira podula. Koma asanu aja aima, nkhope kumsewu.

Ndapita pamsewu. Ndabwera ngati ndikuchokera kusiteshoni, ndakhota pakona. Asanu akundiyang'ana, achikasu, aulemu. Ndavula chipewa. Ndabwerezanso kachiwiri, chikwama cha amake m'manja, kuti ndione mmene adzaonere iye. Mayi wina wogulitsa makala waima, wandisuzumira, wapitirira.

Asanu akwana. Ndidzati enawo ndi amanyazi.

Nkhongo za otsalawo ndaganiza zozibisa. Kumpanda wa kumsewu kuli nyemba zoyanga. Ndamasula nsonga zake, ndazikokera ku mapesi, ndazikulunga bwinobwino mpaka m'khosi, kuti masamba aphimbe.

Madzulo. Asanu aja masamba agwa ngati malaya onyowa. Mitu yawerama. Akulonjerabe, koma kulonjera kwa pamaliro. Ndathiranso madzi. Ndawaikira mthunzi wa katoni.

Ndakhala pakhonde. Ndikuganiza za ku Lusaka. Ndidzadzuka m'mawa, iye wapita kuntchito, ine ndatsala ndi windo. Mnzanga wolankhula naye ndani? Manda a amake ali kuno. Mvula ikatha udzu wa pamenepo ndimalambula ndine. Ndikapita adzalambula ndani, Bana Mwape?

Mawa tsiku lonse ndi langa. Pali nthawi.

Lachisanu

M'mawa. Asanu aja sanadzuke. Atsala khumi ndi awiri.

Nyemba zamasuka. Zonse. Ndinazikulunga mbali imene dzanja langa limapita, izo zakana, zavula phesi, nsonga zili m'malere kufunafuna. Imodzi yayambanso kukwera yokha, koma mozungulira mbali inayo. Ndapita kumpanda kukaona zinzake pa mitengo yawo: zonse zimazungulira mbali imodzi, palibe yosiyana. Zaka zonsezi ndikulima nyemba, sindinayang'anepo. Lero ndiye zasankha kundiphunzitsa.

Zotsala zoti ndiyese:

– Kupemphera. Ndayesa kale, mwachidule, chifukwa nkhaniyi ndi yochititsa manyazi kuifikitsa kumwamba.
– Kupempha Enelesi alowere kwa Bana Mwape, atulukire pampanda. Ayi. Ndiyambe ndafa kaye.
– Dzuwa lachiwiri.

Dzuwa lachiwiri lilipo. Ndamasula galasi la pachitseko cha wadiropu. Ndaima nalo pamsewu, ndalandira dzuwa la m'mawa, ndaliponya pankhongo zawo. Kuwala kukufika ndithu, ndikukuona kukuvina pamasamba. Akamva kutentha kumbuyo adzafuna kuona chimene chili kumeneko. Munthu aliyense amacheuka.

Maola awiri. Manja afa. Wanjinga wina kuwala kwamulowa m'maso, walowa mu ngalande, wanena mawu a Chibemba amene sindilemba m'kope la nyimbo. Amayi opita kumsika ayamba kudutsa tsidya lina la msewu.

Palibe lacheuka. Mwina galasi lachepa. Kuseri kuli lata lotsala pofolera chimbudzi, likadali lowala. Ndilimangirira pamtengo, likhale pamenepo lero madzulo ndi mawa m'mawa monse. Basi imafika madzulo. Nthawi ikwana.

Madzulo. Ndilemba mmene zachitikira, osachotsa.

Ndagubuduza dilamu mpaka kumsewu, ndakwerapo. Lata laterereka koyamba, ladula mutu wa duwa limodzi ngati chikwanje. Khumi ndi limodzi. Ndakweranso. Dzuwa likuswa mutu, ndiye ndafunda chitenje chimodzi cha amake, chamatope chija. Lata m'manja, waya kukamwa, galasi ndalitsamiza pa dilamu. Ndalavula waya kuti ndiwauze maluwa mawu ochepa. Sindinatukwane. Ndimangowakumbutsa amene anawadzala.

Kumbuyo kwanga ndamva: «Atate.»

Enelesi. Chikwama kudzanja. Chikwama china chili pamutu pa Bana Mwape.

Ndati, «Wafulumira. Loweruka ndi mawa.»

Waika chikwama pansi. Wandigwira mkono kuti nditsike, mmene amagwirira odwala ake. Wayang'ana matayi, zikhomo, masaka, zitenje za amake pawaya. Chitenje cha pamutu panga wachichotsa yekha. Bana Mwape akuti anam'peza pasiteshoni pochokera kumsika, atakhala pachikwama, akuyang'ana njira. Kwa nthawi yoyamba chibadwire mayiyu wanena zochepa.

M'nyumba Enelesi wanyamula wailesi, watenga kalata, wandipatsa. Ndawerenga katatu. Ndapita nayo pakhomo pomwe pali kuwala.

Zilembo ndimazidziwa. Palembedwa Lachisanu.

Loweruka

Wadzuka ine ndisanadzuke. Wamasula zonse. Zikhomo wazula, masaka wapinda, galasi labwerera pa wadiropu. Zitenje za amake wachapa kawiri, chimodzichimodzi, osalankhula. Ndikanakonda akanandikalipira.

Matayi atha ntchito. Imodzi ili ndi timanja ta dzungu.

Pomasula omangidwa aja akuti: «Atate, kusukulu anatiuza. Mpendadzuwa umatsata dzuwa ukamakula. Duwa likatseguka khosi limauma, umangokhala choyang'ana kum'mawa mpaka kukolola. Ndi onse, si anu okha.»

Ndati nanga wailesi bwanji sinanene? Imangoti dzalani, dzalani.

Ndamufunsa ngati kusukuluko anawauza chifukwa chake. Akuti sakumbuka. Ndamutenga, ndamugwiritsa duwa loyang'ana kum'mawa, ndamugwiritsa lina lopotoka lija. Ili lofunda, ili lozizira. Ndamuonetsa kumene njuchi zili. Ndati akufuna kuotha m'mawa kuti njuchi ziwapeze. Wayang'ana, wagwiranso. «Izi sindimazidziwa.» Ndati zina siziphunzitsidwa pa benchi. Wamwetulira pang'ono. Ndinaganiza kuti mlandu wapepuka.

Masana waitana aTembo. Takhala pakhonde atatu. Bana Mwape wabweretsa tiyi, wakhala pamwala chapatali, pomwe mawu amafika.

Ndayamba ine. Ndafotokoza za mbewu, kuti n'koyamba, kuti aliyense akanalakwitsa. Enelesi wandidikira ndimalize.

«Za maluwa sindikuziwerengera, Atate. Inu ndinu wotero kuyambira ndili mwana. Koma dzulo ndakhala pasiteshoni maola awiri. Simunayambe mwandisiyapo pasiteshoni. Ngakhale tsiku lija munali ndi malungo munabwera.»

Ndinafuna kutulutsa kope. Ndalowa m'nyumba, ndatsegula tsamba loyamba. Palembedwa ndi dzanja langa kuti akubwera Loweruka. Patsogolo pali makapu awiri a tiyi. Ndalibwezera pansi pa pilo, ndatuluka ndi shuga ngati ndiye ndinakatenga.

Ndati sindipita. Ndanena katatu. Kachitatu mawu anatuluka aang'ono.

Chotsala chinali chimodzi. Ndati mbewu ili m'munda. Kwathu munthu sasamuka mbewu ili chiimire, ngakhale akhale wothamangitsidwa amam'lola akolole. Ndayang'ana aTembo. Akanda kumutu. «Pamenepo akunena zoona, mayi. Ngakhale mpingo sungamunyamule munthu mbewu isanaume.» Mulungu awadalitse, ndi pakamwa pawo pomwe.

Enelesi wafunsa kuti iuma liti. aTembo akuti masabata asanu ndi limodzi, mwina asanu ndi awiri. Ine ndati khumi. Palibe wandimva.

Zimene tagwirizana:

1. Ndikhala mpaka ndikolole mpendadzuwa. Ndikakolola, abwera kudzanditenga.
2. Mbaula ipita kwa Bana Mwape. Ndizidya za kumeneko.
3. Bana Mwape azisuzumira m'mawa ndi madzulo. Ndati zimenezo anayamba kale, sizifunika pangano.
4. Dilamu sindikweranso.

Bana Mwape: «Muzayamba kunona, ba shikulu.» Ndiwo zake amathira nsinjiro zambiri, koma zimenezo ndi za tsiku lina.

Lamulungu

Kutchalitchi ndapita wopanda tayi. Palibe wafunsa. Ndiye kuti onse akudziwa kumene matayi ali.

Tadzera kumanda ndi Enelesi. Wazula udzu ndi manja, ine ndaima. Akuti tizidzabwera pa Khirisimasi. Ndati chabwino.

Ndam'perekeza kusiteshoni, ola lathunthu basi isanafike. Pokwera wandikonza kolala. «Muzidya, Atate.» Ndati nawenso. Basi yapita.

Pobwerera ndakhota pakona yathu. Nkhongo khumi ndi imodzi. Awiri ogona aja aimika mitu kufika m'mawondo mwanga. Opotoka aja sanabwerere bwino, akhala choncho. Sindinawagwire. Ndakhala pampando mbali ya kum'mawa, msana kumpanda wa Bana Mwape, kumene nkhope zawo zili. Kuchokera uku munda ndi wokongola ndithu.

Masabata asanu ndi limodzi.

Ndili pompo kwandifikira ganizo. Pangano likuti ndikakolola mpendadzuwa. M'munda mukakhala wina wamng'ono, kukolola sikunathe. Mbewu inatsala podzala paja, yodzaza dzanja, ndinaisunga m'kachitini. Mvula ikupita, koma madzi ndingathirire. Ndikadzala mawa, ndi miyezi inanso itatu. Ukamadzatseguka umenewo, ndidzala wina. aTembo sangatsutse, mawu anali awo.

Ndalowa m'nyumba kukatenga kachitini.

Ndayang'ana pashelefu, m'sutikesi, pansi pa bedi, m'jombo, pamwamba pa wadiropu, m'thumba la jasi, kuseri kwa ufa. Ndapeza supuni imene ndinati anabwereka Bana Mwape osabweza. Ndapeza kiyi wa loko amene ndinathyola chaka chatha. Ndapeza buledi, kaya wa liti.

Ndayambiranso pashelefu.

Bana Mwape akuitana pampanda kuti chakudya chapsa. Ndati ndikubwera. Ndakhala kaye pabedi.

Ndikudziwa kuti ndinakaika pamalo abwino.